Bulugamu wa a Jere

Anthu a macheka anali atafika kale pamene a Zondwayo Jere anatuluka ndi mpando n'kukaukhazika patsinde pa bulugamu wamkulu wa kuseri kwa nyumba yawo. Anali atavala jekete la kutchalitchi.

Akazi awo, Marjory NyaTembo, anangoima pakhonde. Chikwatiranireni, anali asanawaonepo a Jere akubzala ngakhale nthochi.

Komiti ya m'dera inali itagwirizana kuti mabulugamu onse a m'mbali mwa nyumba zakale za pa boma la Mzimba agwetsedwe. Mizu inkang'amba msewu, zitsime zinkaphwa msanga.

A komiti ndi anthu ena atasonkhana, a Jere anayankhula ali chikhalire. Anati mbande za mitengoyo zinabwera pangolo nthawi ya atsamunda, ndipo agogo awo ankasenza madzi kuchokera kumtsinje kudzathirira. Anati pansi pa mtengo umenewu amuna opita ku Joni ankatsanzikana ndi akazi awo, ena osadzabweranso. Anatchula maina a anthuwo mmodzimmodzi. Mayi wina anapukuta misozi ndi chitenje.

"Inayo dulani, mbwenu," anatero a Jere. "Koma uwu, muyambe mwadula ine."

Wapampando wa komiti, mayi Caroline Shaba, anayang'ana anzawo. Palibe amene anafuna kukhala woyamba kunyamula nkhalamba ndi mpando womwe.

"Yewo, adada, tamva," anatero mayi Shaba. "Uwu utsale."

Macheka analira tsiku lonse. Pofika madzulo msewu unali mbee, bulugamu wa a Jere ali yekha. Marjory anamva manyazi kuti zaka zonsezi ankakhala ndi munthu wa mtima wotere osamudziwa. Anawapititsira tiyi wamkaka komweko.

"A Jere, sindinkadziwa kuti mumakonda mitengo chonchi."

"Sindiikonda, NyaTembo."

Anagogoda tsinde ndi ndodo yawo. Linalira ngati ng'oma.

"Chiswe chinamaliza m'katimu kalekale. Mvula yamkuntho ikangoyamba, ugwa wokha."

Marjory anakweza maso. Mtengo wonse unali utaweramira pa denga la chigayo chatsopano cha a Chawanangwa, chimene chinkawadzutsa mbandakucha uliwonse.

A Jere anapsontha tiyi.

"A machekawa akanaugwetsera kumsewu."