Kapaipi Kopuma

Galimoto inatizimira pamsewu wa ku Molumbo kutangoyamba mdima. Kumbuyo, mkazi wanga Rosita ankabuula, nthawi yake yochira itakwana.

Ndinatsegula boneti. Timapaipi ta mpweya ta galimoto yakaleyi timakonda kusololoka, ndipo ndimatipeza ndi khutu, chifukwa kosololokako kamalira kuti fiii. Ndinatchera khutu mpaka ndinakagwira.

"Bambo a Nilza, fulumirani, ndikufa ine!"

Ndili pafupi kukalumikiza, ndinakumbukira kuti kapaipi kamalira pokhapokha injini ikuyenda. Injini inali itazima. Koma kankapuma m'manja mwanga, kukoka ndi kutulutsa mpweya wofunda ngati munthu amene wagona tulo.

Rosita anakuwanso. Ndinatsinzina n'kukalowetsa pamalo pake.

Injini inalira yokha, makiyi ali m'thumba mwanga. Ndinakwerabe.