Tayala la Telala

"Bwezerani tayala limenelo pamene mwalipeza!"

Telala anatuluka m'shopu sizasi ili m'manja. Poimika galimoto mumsewu umenewu n'posowa. N'chifukwa chake m'mawa anaika tayala lakutha pakhomo, kusungira malo mayi wa kwaya amene ankabwera kudzasoketsa mayunifomu makumi anayi. Anali atangolankhulana pa foni, nkhope sankadziwana.

Tsopano mayi wina anali atakankhira tayalalo m'ngalande n'kuimikapo kagalimoto kake kakalekale.

"Msewu uno munagula, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Chotsani kachiphapha kanuka. Pano ndikudikira anthu."

"Ine si munthu?"

"Mukachedwa ndiphwetsa matayala onse anayi."

Mayiyo anayang'ana sizasi. Anayang'ananso chikwangwani cha shopu. Analiza galimoto n'kumapita.

Telala anavuula tayala lake m'ngalande muja, n'kulibwezera pamalo pake akutukwanabe. Asanasambe n'komwe m'manja, foni inalira.

"Ndine wa kwaya uja, amene mwati si munthu," anatero mayi uja. "Nsalu ndapita nazo kwina."

Tayala linasunga malo mpaka madzulo. Palibe analikhudza.