Mpando wa Madala

"Uonere zonse zimene Madala analemba tsiku lija, undiuze," anatero abwana, natseka chitseko.

Make mapasa anatsala yekha ndi kompyuta. Pakampanipo chilichonse chimene munthu walemba pa seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo onse, chimajambulidwa, ndipo wofufuza zojambulazo anali iyeyo. Anayamba kuonera.

Lamulo lofufuta mafayilo a makasitomala linatuluka mwaliwiro, monga momwe iye mwini analilembera molakwitsa masana aja, atakhala pampando wa Madala, mnzake wachikulire wapantchito, amene anapita kukadya osatseka akaunti yawo. Tsopano Madala anali ataimitsidwa ntchito, kutangotsala miyezi inayi kuti apume pantchito.

Koma chojambulacho sichinathere pomwepo. Zilembo zinayambanso kubwera chimodzichimodzi, kalembedwe ka zala ziwiri ka Madala: "Mwanangu, ndikudziwa kuti udzaona izi. Usanene kanthu. Mapasa akadali aang'ono." Kenako anafufuta mzere wonsewo.

Chitseko chinatseguka.

"Ndi iwowo eti?" anafunsa abwana.

Make mapasa anazolika. "Akaunti ndi yawo, bwana."

"Ndimadziwa ine. Iwe sudziwa kunama, n'chifukwa chake mpando wawo ndikupatsa iweyo."