Seva ya ku Nsanama

Akimu anali atagwada kuseri kwa kabati, akulondola waya ndi zala, pamene mayi Ramla anamubweretsera madzi m'kapu.

"Zatheka, achimwene?"

"Iyayi, mayi. Ndikadafufuzabe."

Akimu anafika ku Nsanama m'mawa womwewo kuchokera ku Balaka, atatumidwa ndi bungwe limene linkagawa chimanga m'chaka cha njalacho. Seva ya padepoti, kompyuta yaikulu yosunga maina a olandira thandizo, inali itatha masabata asanu osalandira maapudeti, zokonza zatsopano za mapulogalamu ake. Popanda maapudetiwo sinkalumikizana ndi likulu, ndipo mndandanda watsopano wa maina unangokakamira m'njira. Mayi Ramla, kalaliki wa padepotipo, ankagawabe potsata wakale.

Panja anthu anali mbwee pansi pa mtengo wa mango umene zipatso zake zinathyoledwa zikadali zanthete. Ena anali ndi makadi m'manja. Ena analibe, ankangobwera tsiku ndi tsiku kudzafunsa ngati maina awo atuluka. Palibe amene ankachita phokoso. Akimu anawadutsa monga munthu adutsira mulu wa njerwa. Miyezi inayi akuzungulira madepoti a m'Machinga ndi m'Balaka, anaona amayi akuwiritsa chitedze masiku awiri kuti chidyeke, anaona maliro operekezedwa ndi anthu asanu ndi awiri okha. Mtima wake unachita dzanzi kalekale. Chimene ankadziwa n'chakuti makinawo akakonzeka, ena mwa opanda makadi aja adya.

Waya unali bwino. Intaneti inalipo, anaiyesa pafoni yake. Malo osungira zinthu m'sevamo anali ambiri. Anaizimitsa sevayo n'kuiyatsanso, n'kuilamula kuti ifunefune maapudeti. Inazungulira pang'ono, kenako inakana ngati poyamba. Akimu anawerenga uthenga wa kukanako pang'onopang'ono, thukuta likudonthera pa kiyibodi. Seva inkati chiphaso chimene imazindikirira likulu sichinayambe kugwira ntchito.

Sichinayambe? Anayang'ana tsiku pakona ya sikirini. Makinawo ankawerenga chaka chimene chinadutsa zaka zisanu zapitazo.

"Basi, ndapeza," anatero, mawu ake ali ozizira. "Muli kabatire kangati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kakatha, tsiku limasokonekera, ndiye seva imakayikira chilichonse chochokera ku likulu."

Mayi Ramla anaima pakhomo, atapinda manja mumpango wawo. "Dzuwa lakula, achimwene. Bwanji mupume, mudzamalize mawa?"

"Ndi ntchito ya mphindi khumi, mayi."

Anamasula chivindikiro, anachotsa kabatire kaja, n'kuika kena kochokera m'chikwama chake. Anakonza tsiku ndi nthawi. Atailamulanso, seva inavomera. Maapudeti anayamba kulowa, amodzi pambuyo pa anzake, mzere wobiriwira ukukwawa pasikirini. Akimu anakhala pansi atatsamira matumba a chimanga. M'thumba la malaya munali mtedza wokazinga. Anatembenukira kukhoma n'kudya mwakachetechete, osamva kukoma kulikonse. Panja mwana wina analira pang'ono n'kusiya yekha.

Cha m'ma thuu koloko seva inazima n'kuyakanso, ndipo inalumikizana ndi likulu. Makina osindikizira anadzuka, n'kuyamba kulavula mndandanda watsopano. Akimu analongedza zida zake. Ankaganiza za minibasi ya ku Liwonde ndi depoti ya ku Phalula imene inkamudikira mawa lake.

"Yakonzeka, mayi. Itanani anthu amve maina awo."

Mayi Ramla sanasunthe. Makina aja anasindikiza masamba ochepa chabe, n'kukhala chete. Akimu anaganiza kuti mapepala atha, koma atasuzumira anapeza thireyi ili yodzaza. Anatola tsamba lomaliza. Mndandanda wakale unali ndi mabanja zikwi ziwiri. Uwu unathera pa mazana asanu ndi limodzi.

"Kabatire kanu kaja kanalibe vuto," anatero mayi Ramla, maso ali kwa anthu panja paja. "Tsiku ndinabweza ndine, nditangomva kuti akudula maina. Ndimati chimanga chili munochi chithe kaye tikugawa potsata mndandanda wakale."