Nyimbo Khumi ndi Imodzi za Kachete

Kachete anazimitsa foni n'kuiyatsanso kachitatu, koma mndandanda uja sunabwerere. Nyimbo za anthu ena zinalimo zonse, ngakhale zimene sankazikonda n'komwe. Zake zokha, khumi ndi imodzi, zinali zitasowa ngati singano yogwera m'zigamba.

Anali atakhala pabenchi ya makasitomala m'shopu ya bambo ake, atelala, mbale ya mabatani ili pamwendo. Dzina loti Kachete anam'patsa kunyumba, poti mlendo akamulonjera ankayankha ndi mutu. Koma chimalizireni sukulu anali ndi chinsinsi. Bambo akapita kukagula ulusi, iye ankatseka chitseko, n'kubisala kuseri kwa nsalu zopachika, n'kujambula pafoni nyimbo zopeka yekha. Mndandandawo anaupatsa dzina loti "Masamu", kuti aliyense akauona angodutsa.

Wodziwa anali mmodzi yekha, aphunzitsi ake akale a kwaya. Iwo anamuuza kuti awatumizire nyimbo imodzi lero isanakwane 4 koloko, akampatse mnzawo wa situdiyo amene ankafuna mawu atsopano. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa kale 2.

"Achemwali," ananong'ona, "tandithandizani. Masamu anga asowa."

Mkulu wake anaimika ayironi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe? Kulirira masamu? Amene unkawathawa ngati ngongole aja?"

Panalibe kuchitira mwina, Kachete anaulula zonse maso ali pamabatani. Mkulu wakeyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koma foni anailandira. Pa zamafoni anali katswiri. Anatsegula pamene pamakhala nyimbo, palibe. Anapita pa zojambula mawu, palibe. Anafufuza dzina la mndandandawo, foni inangomubweretsera chithunzi cha mayeso akale.

"Unasungako pa intaneti?"

"Ndinkaopa kuti wina azimva."

"Ndiye wazimva ndani tsopano? Dikira tione m'bini. Zofufutidwa zimayamba zagona mmenemo."

M'bini munali zithunzi ziwiri za mphaka, basi.

"Amene wachita izi wasesa ndi m'bini momwe," anatero mkuluyo. "Foniyi anaigwira ndani?"

Kachete anangoponya maso pakona.

Pakonapo bambo awo ankapalasa makina osokera, tepi ili m'khosi, mahedifoni ali m'makutu. Tsiku lililonse ankamvera nkhani pakafoni kawo kamabatani, ndipo nkhani zikayamba ngakhale moto ubuke sakanamva. Nyimbo ndiye ankadana nazo. "Nyimbo sizivalidwa," ankatero. Sabata yatha anamupeza Kachete akung'ung'uza, n'kumufunsa ngati batanilo alisoka ndi pakamwa.

Dzulo masana bambowo anabwereka foni ya Kachete kuti aimbire kasitomala. Analowa nayo m'kachipinda koyezera zovala, n'kukhalamo nthawi yokwana kusoka siketi yathunthu. Potuluka anam'bwezera osamuyang'ana kumaso.

Ndipo apo pa hang'ala, pamwamba pa mutu wawo, panali buluku lotuwa loti lifupikitsidwe. Kachete analizindikira tsopano. Linali la aphunzitsi a kwaya aja. Anabwera nalo dzulo m'mawa, iye atatumidwa kukagula mazipi.

Aphunzitsi alankhula, bambo amva, nyimbo zapita.

"Ziiwale, mng'ono wanga," anatero mkulu wake, kuseka kutamuthera. "Ujambula zina."

Zina? Yoyamba ija anaipeka mvula ikugwa padenga, ndipo mvulayo inkamveka mkati mwake. Yachinayi anaibwereza kakhumi chifukwa mawu ankanjenjemera. Inkanena za munthu wopindika msana pa makina kuti ana ake aimirire mowongoka. Sanafune kuti wina aliyense adzadziwe kuti munthuyo ndani.

Anaika mbale ya mabatani pansi. Chibadwire sanawafunsepo bambo ake kuti "bwanji". Anadzuka n'kukaima kumbuyo kwawo.

"Ababa."

Makina anapitiriza kulira.

"Ababa, zinali zanga. Mukanangondikalipira, koma osafufuta."

Phazi la bambo linkangopalasa, mutu ukugwedera pang'onopang'ono. Nkhani za lero zinkaoneka kuti zawakomera.

Kachete anawagwira paphewa. Bambo anadzidzimuka ngati abayidwa ndi phini, n'kutembenuka mwamphamvu. Chingwe cha mahedifoni chinakola pagudumu la makina, n'kuzuka pakafoni kaja.

M'shopu monse munadzaza mawu a mtsikana, onjenjemera pang'ono, akuimba za msana wopindika pa makina.

Mkulu wake uja anatsokomola.

"Ababa, wowerenga nkhani wa lero ali ndi mawu abwino, eti?"

Bambo anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi chigamba, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Ndimafuna kungokoperako pa kamemore kanga, mwanangu. Kaya ndinadina pati, zinangosamuka zonse." Anasolola kamemoreko m'kafoni kawo ndi nsonga ya sizasi n'kumuikira m'dzanja. "Aphunzitsi ako akuti 4 koloko. Tumiza yachinayiyo, koma undibwezere msanga. Sindinamalize kumvera nkhani."