Mvula ya Kumpanda

"Awerengereni anawa," anatero ahedi, popatsa a Namakhwa kalata yochokera kusukulu yaubale ya ku Scotland.

A Namakhwa anawerenga. Azunguwo anayamikira zojambula za ana. Anakondweranso kuona m'kope la nyengo, limene anawo ankalembamo tsiku lililonse, kuti ku Thyolo mvula yagwa bwino, choncho phala limene analonjeza alitumiza kwina kumene kuli chilala.

"Mvula yake iti, aphunzitsi?" anafunsa Tionge wa Sitandade 7. "Chimanga chathu chinauma kale."

A Namakhwa anatuluka, ana akuwatsata, mpaka kumpanda kumene anazika choyezera mvula. Kopelo a Namakhwa anali atalitumiza ku Scotland osalitsegula. Kuseri kwa mpanda, mipope ya esiteti inkawaza tiyi, madzi ena akugwera m'choyezeramo.

"Lero tilembenso?" anafunsa Tionge.

"Lembani," anatero a Namakhwa. "Mamilimita asanu."