Mapichesi a Kumtunda

Dona anaima pa mtengo wachitatu, nathyola kanthambi n'kukayang'anitsitsa. Tomasi ankaonerera ali kumbuyo kwake. Ogasiti anali kutha, nthawi yoti mapichesi akhale ataphuka, koma mizere yonse ya kumtunda inali mbuu, nthambi zokhazokha, apo ndi apo katsamba konyentchera.

Tomasi ndiye anali kapitawo wa munda wa zipatso pa famu ya Donayu, mayi wamasiye wachibunu, kunja kwa Fort Jameson. Nyengo yonse yozizira Dona anali m'chipatala ku Joni, ndipo m'mbuyo muno kunagwa chisanu chimene ngakhale nkhalamba za m'komboni zinali zisanachionepo. Madzi ankauma gwa m'mabeseni. Nthochi ndi mapapaya zinapserera ngati wazithira madzi owira.

Tomasi sanakhale manja lende, ayi. Mtengo uliwonse wa kumtunda anaufunditsa udzu, ndipo m'mawa uliwonse, milungu isanu ndi umodzi, ankasonkha moto wa zitsononkho pakati pa mizere mpaka maso psuu ndi utsi. Mumtima ankati ngati yovutikiridwa chonchi yafooka, nanga yosiyidwa ili bwanji?

Pajatu munda unali ndi mbali ina. Kuseri kwa mzere wa bulugama, kumunsi cha kudambo, kunali mitengo imene ankasamala Edmund, mwamuna wa Yosefina, mlongo wake wa Tomasi. Koma Edmund wake uti? Chisanu chitangoyamba anapita kumaliro a bambo ake ku Mtenguleni, nakakhalako mwezi ndi theka. Tomasi anatsikirako kamodzi kokha mu Julaye, napeza mitengo ili yoyera ndi chisanu ngati nkhuni zothiridwa ufa. Anabwerera chothawa, ndipo sanapondekonso. Sabata yomweyi, Dona ali pafupi kubwera, Edmund anamuitana kawiri: "Alamu, tatiyeni mukaone kumunsi." Tomasi anakana. Ha, kuti akamupake mlandu? Sanabadwe dzulo iye.

Dona anataya kanthambi kaja pansi.

"Zaka zinayi ndadikira mitengo iyi," anatero. "Alipo wandiwonongera. Ameneyo mawa atuluke m'komboni mwanga."

Edmund anali chilili pambali, chipewa kumanja. Tomasi anamuyang'ana, naganiza za Yosefina ndi ana ake atatu. Kenako anaganiza za ake asanu, ndi mkazi wake Anna amene anali wodwala pakati, kumudzi kulibe munda, kulibe ngakhale kakhumbi kofikira. Manyazi anamugwira, zoonadi anamugwira, koma mantha ndiwo anakula.

"Dona, ndilankhuleko," anayamba. "Ya kumtunda ino ndi yanga. Ndinaifunditsa udzu ndi manja angawa, ndinaiwothetsa moto. Komboni yonse ndi mboni. Ya kumunsi sindinaikhudze n'komwe. Ndi ya Edmund, ndipo anaisiya yokha pachisanu."

Dona anatembenuka pang'onopang'ono. "Moto?"

"Tsiku lililonse, Dona. Sindinadumphitse."

"Edmund, n'zoona zimenezi?"

Edmund anatsegula pakamwa, nayang'ana mlamu wake, n'kuwerama. "N'zoona, Dona."

"Tiyeni kumunsi."

Anayamba kutsetsereka, Dona patsogolo ndi ndodo yake, Edmund pakati, Tomasi pambuyo maso ali pansi. Ankakonza kale mawu okauza Yosefina madzulo. Mwina akawapatse thumba la chimanga. Mwina akawanyamulire katundu pa njinga mpaka pamsewu waukulu. Palibe chimene chinamupepuza mtima. Ankangofuna kuti zithe msanga, Dona akuwe, Edmund achoke, iye atsale.

Atafika pa bulugama, Tomasi anamva phokoso lachilendo ngati galimoto ili patali. Dona anaima zii. Tomasi anakweza maso. Zinali njuchi. Kuyambira pa mzere woyamba mpaka kudambo, mitengo ya Edmund inali maluwa okhaokha, nthambi osaoneka n'komwe.

"Pichesi akapanda kugona pachisanu sadzuka," anatero Dona. "Zaka zinayi ndakhala ndikupempherera kuzizira ngati kwa chaka chino." Anacheuka. "Tomasi, paja wati moto unasonkha masiku angati?"